Nyumba ya Agogo: Kuipereka Lero Kapena Kuilemba mu Wilu?

Dr. Hastings Kamuzu Banda anamwalira mu Novembala 1997, koma nkhani ya chuma chake sinalowe naye m'manda. Achibale ake ndi Mama Cecilia Kadzamira anakokanakokana m'makhoti pa za wilu yake, ndipo nkhaniyo inatenga zaka. Bingu wa Mutharika atamwalira mu Epulo 2012 zinabwerezanso: mkazi wake Callista ndi ana a malemuyo anatengerana kukhoti, uku boma likufuna msonkho wake pa chuma chomwe nyuzipepala zinati chawerengedwa kufika K61 biliyoni. Atsogoleri awiriwa anali ndi maloya, alembi ndi maofesi osunga mapepala. Ngati kwa iwo zinavuta chonchi, nanga gogo wa ku Bangwe amene chuma chake chonse ndi nyumba ya zipinda zitatu ndi mdadada wa lendi kuseri?

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muli anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi asanu mwa anthu 100 alionse ndi a zaka 60 kapena kuposera apo. Ambiri mwa iwo sanagwirepo ntchito yolembedwa, choncho penshoni amangoimva kwa anzawo. Penshoni yawo ndi munda, dimba, puloti, kapena alendi omwe amagogoda pakhomo mwezi ukatha. Ndalama ya mankhwala a BP ndi shuga imachokera pamenepo. Ndiye nkhani ya nyumba ya munthu wokalamba ili pawiri: idzakhala ya yani mwiniwake akadzatisiya, komanso mwiniwakeyo azigona pati ndi kudya chiyani tsikulo lisanafike. Mabanja ambiri amalimbana ndi funso loyambalo, lachiwirili n'kuliiwala.

Njira yomwe anthu ambiri amadalira ndi ya pakamwa. Bambo akaona kuti thupi layamba kukana amaitanitsa ana, alongo ake, mwinanso mkulu wa mpingo, n'kunena kuti, "Ndikadzapita, nyumba ya m'tauni musawavutitse nayo amayi anuwa. Munda wa kudambo ndi wa mng'ono wanuyu." Onse amagwedeza mutu. Koma likafika tsiku lokambirana za katundu maliro atatha, aliyense amakumbukira zake. Wina amati bambo ankanena munda wa kumtunda. Wina amati tsiku limenelo anali atayamba kale kubwebweta. Ndipo khoti silingagwire chilichonse pamenepo, chifukwa lamulo limafuna wilu yolembedwa.

Lamulo lake ndi Deceased Estates Act la 2011, lomwe linalowa m'malo mwa la 1967. Kusiyana kwa awiriwa n'kwakukulu, ndipo anthu ambiri achikulire akuyendabe ndi lakale m'mutu. Pa lamulo la 1967, mwamuna akamwalira wopanda wilu, mkazi, ana ndi ena omudalira ankalandira theka la chuma ngati ukwati unali wa kumadera olowola. Kumadera a chikamwini ankalandira magawo awiri okha mwa asanu, atatu otsalawo n'kupita kwa olowa chuma a pamwambo. Achimwene ndi adzukulu a malemu akabwera ndi lole kudzanyamula katundu, ankati lamulo lili kumbali yawo, ndipo pang'ono ankanena zoona.

Lamulo la 2011 linatseka khomo limenelo. Likuti palibe amene angalowe chuma cha malemu pongotsamira mwambo. Munthu akamwalira wopanda wilu, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana, pamodzi ndi anthu omwe malemuyo ankawasamaladi, monga makolo ake okalamba. Wamasiye amasunga ziwiya ndi katundu wa m'nyumba. Mwana wamng'ono amayenera kupatsidwa gawo lokulirapo kuposa wamkulu, poti ulendo wake wa sukulu ukadali wautali. Mwana wobadwa kunja kwa banja ndi mwana basi, chimodzimodzi woleredwa mwalamulo ndi amene akadali m'mimba. Wamasiye akakwatiwanso kapena kukwatiranso salandidwa zomwe analandira, kupatula katundu wa pa malo a mfumu, yemwe amapita kwa ana a malemu. Ndipo kulanda chuma chamasiye ndi mlandu womwe ungamutsekeretse munthu kundende zaka 10.

Pa pepala, lamuloli ndi labwino. Vuto lake n'lakuti limagawa chuma mongoyerekeza, osadziwa banja. Silidziwa kuti mwana wachitatu ndiye anasiya ntchito ku Lilongwe kudzasamala mayi ake atagwa sitiroko. Silidziwa kuti woyamba anagulitsa kale ng'ombe za bambo ake ali moyo. Silidziwa za mdzukulu amene wakulira pakhomopo chimwalirire makolo ake. Zoterezi amazidziwa ndi mwinichuma yekha, ndipo malo ozinenera ndi wilu.

Kulemba wilu si nkhani ya anthu olemera okha, ndipo sikulira Chingerezi. Munthu wamkulu aliyense wa mutu wabwinobwino angathe kuilemba, ngakhale m'Chichewa, papepala wamba. Chofunika n'chakuti asaine mboni ziwiri zikuona, mbonizo nazo zisaine iye akuona. Amene sadziwa kulemba amadinda chala, bola amuwerengere kaye zomwe zalembedwazo n'kuzivomereza. Mboni zisakhale anthu omwe akulandira kanthu mu wiluyo, chifukwa pamenepo m'pomwe otsutsa amayambira. Ikatha, isasungidwe pansi pa matiresi pomwe woyamba kuipeza angaiponye pamoto. Ingathe kusungitsidwa kukhoti, kwa DC, kubanki kapena kwa loya, ndipo munthu mmodzi wodalirika adziwe komwe ili.

Ubwino waukulu wa wilu kwa munthu wokalamba ndi woti siluma mwiniwake. Imayamba kugwira ntchito iye atamwalira. Akadali moyo nyumba ndi yake, lendi ndi yake, ndipo mwana amene walembedwamo akayamba mwano, gogo angathe kung'amba wiluyo n'kulemba ina mawa lomwe. Angathenso kulembamo kuti mkazi wake azikhala m'nyumbamo mpaka imfa, ana adzaitenge pambuyo pake. Mawu otere ndi bwino awakonze loya kuti asamveke pawiri. Koma wilu si chikwanje chodulira aliyense amene wakukwiyitsa. Khoti lili ndi mphamvu yopatsa kanthu mkazi, mwamuna kapena mwana amene wasiyidwa chimanjamanja popanda chifukwa chomveka.

Anthu ena amaopa kuti kulemba wilu n'kudziitanira imfa. Ena, makamaka amayi amasiye omwe anaona anzawo akulandidwa ndi mbale zomwe, amasankha njira ina: kusintha umwini wa nyumba akadali moyo, kuilemba m'dzina la mwana amene amamukhulupirira. Maganizo ake ndi omveka. Nyumba ikachoka m'dzina la gogo, siikhalanso chuma chamasiye, achibale alibe pogwira, ndipo ana sadzayenda maulendo a kukhoti.

Apa ndiye pofunika kudekha, chifukwa njira imeneyi ilibe pobwerera. Tsiku lomwe dzina lasinthidwa ku kaundula wa malo, gogo wasanduka mlendo m'nyumba yomwe anaumba yekha njerwa zake. Mwana uja sachita kufunika kukhala woipa mtima kuti zinthu zisokonekere. Angatenge ngongole kubanki nyumbayo n'kukhala chikole, bizinesi n'kugwa, banki n'kubwera kudzagulitsa. Angapereke mapepala kwa wakatapila. Banja lake lingathe, nyumbayo n'kulowa nawo m'mkangano wogawana katundu ndi mkazi kapena mwamuna wake. Choopsa kwambiri, chomwe makolo safuna n'kuchiganizira komwe, n'chakuti mwanayo angatsogole kumwalira. Zikatero nyumba ija ndi chuma chamasiye cha mwanayo, ndipo oyamba pamzere ndi mpongozi ndi ana ake. Gogo amatsala kuti akaonetse kuti ankadalira malemuyo, pa nyumba yomwe anamanga yekha. Akuluakulu ankati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Makhoti angathe kufafaniza mphatso yomwe munthu wokalamba anapereka mokakamizidwa, monyengedwa kapena mutu utasokonekera. Koma mlandu wotere umafuna umboni, ndalama ndi zaka, ndipo munthu wa zaka 80 ali ndi zochepa pa zitatu zonsezi. Amene watsimikizadi kupereka nyumba akadali moyo ndi bwino apite kwa loya wakewake, osati amene wabwera ndi mwana wolandirayo, ndipo alankhule naye payekha, mwana atadikira panja. Pakhale pangano lolembedwa lakuti gogo azikhalamo ndi kutolera lendi mpaka imfa. Loyayo afunsidwenso za chenjezo lomwe limaikidwa ku kaundula wa malo, lotchedwa caution, lomwe limaletsa kugulitsa kapena kupinyolitsa malo mwakabisira.

Kwa anthu apabanja pali njira ina yomwe siitchulidwa kawirikawiri. Lamulo la Registered Land Act limalola anthu awiri kulembetsa malo amodzi m'njira ziwiri. Pa njira yoyamba malowo ndi awo onse pamodzi popanda kugawa, ndipo mmodzi akamwalira wotsalayo amatenga onse, osadikira kugawa chuma chamasiye. Pa njira yachiwiri aliyense ali ndi gawo lake, ndipo gawo la womwalirayo limalowa m'chuma chake chamasiye. Amayi ambiri omwe anaphika zitumbuwa ndi kugulitsa kaunjika kuti nyumba ifoleredwe sapezeka paliponse pa mapepala a nyumbayo. Malamulo aakulu a dziko a 1994 amateteza ufulu wa amayi pa katundu, inde, koma dzina lolembedwa ku kaundula limapulumutsa munthu ku ntchito yokafotokozera jaji kuti malata anagula ndani.

Zonsezi zimadalira funso limodzi lomwe ambiri amalephera kuliyankha: malowo ndi a mtundu wanji, ndipo pepala lake lili m'dzina la yani? M'mizinda nyumba zambiri zili pa lizi, kawirikawiri ya zaka 99, ndipo mwini nthaka ndi boma, khonsolo kapena Malawi Housing Corporation. Kusintha umwini kumafuna chilolezo cha mwini nthakayo, umboni woti msonkho wa khonsolo ndi lendi ya nthaka zalipidwa, chikalata cha MRA, ndi msonkho wa sitampa. Ena anagula puloti zaka 30 zapitazo, anapatsana ndalama pamaso pa mfumu ya m'tauni, n'kulemberana pa pepala la m'kope la sukulu. Ku ofesi dzina likadali la wogulitsa, amene mwina anamwalira kalekale, ndipo ana ake sakudziwa za malondawo kapena akudziwa koma asankha kuiwala. Munthu sangapereke mwalamulo chinthu chomwe pa kaundula si chake. Ntchito yoyamba ya gogo aliyense wa nyumba m'tauni, wilu isanalembedwe n'komwe, ndi kutuma munthu akafufuze ku ofesi ya malo kapena kukhonsolo kuti fayilo ikuti chiyani.

Kumudzi nkhani ndi ina. Malo a makolo sakhala a munthu mmodzi. Kumadera a chikamwini munda umayenda mwa akazi, mwinimbumba akuyang'anira, ndipo mkamwini amene wakalambira pamudzi wa mkazi wake angauzidwe kuti abwerere kwawo mkaziyo akamwalira, ngakhale kwawoko anachokako ali mnyamata. Kumpoto ndi kuchigwa cha Shire, komwe amalowola, amene amakhala pa mpanipani ndi mayi wamasiye, makamaka ngati sanabereke mwana wamwamuna. Pa chitengwa napo mkazi amalima nthaka ya eni. Wokalamba wotereyu angalembe wilu yokongola, koma ngati mundawo ndi wa mbumba, wiluyo ikugawa chinthu chomwe ena akuti si chake.

Lamulo la Customary Land Act la 2016 linabwera kudzayesa kukonza zimenezi. Limalola munthu, banja kapena gulu kulembetsa malo awo a kumudzi n'kulandira chiphaso, ndipo malo olembetsedwa chotero angathe kusiyidwa kwa wina kudzera mu wilu. Ntchitoyi imadutsa m'komiti ya malo yomwe wapampando wake ndi gulupu, ndipo mwa mamembala ena asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi anthu, atatu kapena kuposa ayenera kukhala amayi. Mikangano imayambira ku bwalo la malo la mfumu yaikulu. Kulembetsaku kunayesedwa m'madera ena a Phalombe, Kasungu ndi Rumphi, komanso ku Chikwawa pansi pa ntchito ya ulimi wothirira ya m'chigwa cha Shire, koma midzi yambiri sikunafikebe.

Anthu a kumadzulo kwa Lilongwe ali ndi phunziro lawo pa nkhaniyi. Kuyambira cha m'ma 1970, pansi pa chitukuko cha malo cha m'derali, minda inalembetsedwa m'magulu a mabanja otchedwa ndunda, dzina lolembedwa n'kukhala la mtsogoleri wa banja. Atsogoleri ambiri aja anamwalira, mayina sanasinthidwe, mabanja anachulukana, ndipo mzinda utayamba kufutukukira komweko nthaka n'kukwera mtengo, funso loti ali ndi mphamvu yogulitsa ndani linasanduka gwero la milandu. Chiphaso chimathandiza pokhapokha chikamatsatira amoyo.

Kumaiko ena nkhani zoterezi zili ndi maloya akeake. Ku United States kuli nthambi yonse ya zamalamulo yoona za okalamba, ndipo bungwe la maloya ake, National Academy of Elder Law Attorneys, linakhazikitsidwa mu 1987. Kumeneko chimene chimaopseza nyumba si achibale kwenikweni koma mtengo wa nyumba zosamalira okalamba. Boma limathandiza osauka kudzera mu Medicaid, koma m'zigawo zambiri limayang'ana m'mbuyo miyezi 60 kuti lione ngati munthu anagawa chuma chake dala, ndipo likapeza choncho limachedwetsa thandizolo. Munthu akamwalira, boma lingathenso kudzabweza ndalama zake pa chuma chomwe wasiya. N'chifukwa chake maloya a kumeneko amakonda chikalata chomwe chimapereka nyumba kwa ana koma n'kusungira kholo ufulu wokhalamo moyo wake wonse. Ku South Africa ufulu wotere, wotchedwa usufruct, umalembedwa pa chiphaso cha nyumba chenichenicho. Ku England khonsolo ikaona kuti munthu anapereka nyumba pofuna kuzemba kulipira chisamaliro, imamuwerengera ngati kuti nyumbayo akadali nayo. Amalawi omwe akukalambira ku Leeds, Indiana kapena Johannesburg ali ndi katundu mbali ziwiri, ndipo nyumba ya ku Area 25 imatsata malamulo a Malawi ngakhale mwiniwake atamwalirira kunja.

Anthu a kunjawa, pamodzi ndi okalamba omwe miyendo yawakana, amakonda kupatsa m'bale chikalata cha mphamvu zowaimira, chomwe maloya amati power of attorney. N'chothandiza potolera lendi ndi kulipira misonkho, koma chikalembedwa mwachisawawa chimapatsa munthu mphamvu yogulitsa ndi nyumba yomwe. Chilembedwe motchula ntchito zomwe woimirayo akuloledwa kuchita, zina zonse ayi. Ndipo mphamvu yake imatha woperekayo akamwalira. Mphwake amene akugulitsa puloti ya malemu atanyamula chikalata chotere akugulitsa chinthu chomwe alibe nacho ulamuliro.

Pali mbali ina yomwe imachititsa manyazi kuilemba. Okalamba m'Malawi akhala akumenyedwa, kuwotcheredwa nyumba ndi kuphedwa powanamizira ufiti. Mu Januwale 2016 anthu anayi okalamba anaphedwa ku Neno mtsikana wina atamwalira ndi mphenzi, ndipo bungwe la MANEPO, lomwe limayankhulira okalamba, lakhala likudandaula chaka ndi chaka kuti nkhanzazi sizikutha. Si nkhani iliyonse yotere yomwe ili ndi munda kumbuyo kwake. Komabe amene wakhalapo pa bwalo la mfumu amadziwa kuti gogo akathamangitsidwa pamudzi, dimba lake silikhala tsala nyengo yotsatira, wina amalilima. Kutchula munthu mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo la 1911, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lapadera loteteza okalamba, la Older Persons Act. Malire odziwika ndi pepala lomveka sizingathetse nkhanza, koma zimachepetsa phindu lomwe wothamangitsa gogo akuyembekezera.

Mwiniwake akamwalira, nyumba siisintha dzina yokha, ngakhale wilu ilipo. Amene watchulidwa kuti ayendetse chumacho amakatenga chilolezo kukhoti. Khoti Lalikulu lili ndi nthambi yoona za mabanja ndi chuma chamasiye, ndipo chuma chochepa chimatha kuthera kwa majisitireti. Popanda wilu, banja limapempha makalata oyendetsera chuma, kapena nkhani imapita kwa Administrator General, amene m'maboma amathandizidwa ndi ma DC. Ngongole za malemu ndi msonkho zimayamba zalipidwa, kenako dzina n'kusinthidwa ku kaundula. Mabanja ambiri amalekera panjira, poti nyumba akukhalamo kale ndipo palibe akuwavuta. Vuto limadzatulukira m'badwo wotsatira, adzukulu 15 akufuna kugulitsa nyumba yomwe ili m'dzina la munthu amene anaikidwa m'manda iwo asanabadwe.

Ndalama za penshoni zili ndi njira yakeyake. Zimatsata fomu yomwe wantchito anadzaza yotchula odzalandira, osati wilu, ndipo ambiri anaidzaza atangoyamba ntchito, asanakwatire kachiwiri kapena ana ena asanabadwe. Fomu imeneyi imasinthidwa kwa abwana kapena ku kampani yosunga penshoniyo. Pa za nyumba ndi minda, amene sangakwanitse loya wolipira angathe kupita ku Legal Aid Bureau, yomwe ili ndi maofesi m'mizinda ndi m'maboma ambiri, atanyamula chiphaso cha unzika, malisiti a khonsolo ndi pepala lililonse lokhudza malowo, ngakhale lija la m'kope la sukulu.